Trial ya ad blocker yatha? Musathamangire ma reset, chitani izi

Munthu ukangolawa intaneti yopanda ma adi zimavuta kubwerera, ukazolowera kutsegula peji nkuwerenga mwamtendere popanda zija zongotulukira pakati pa sikirini, popanda vidiyo yongodziyambira yokha nkumatha bandulo, tsiku limene trial yatha zonse zija nkubwerera umachita kumva kuwawa mumtima. Nde funso loyamba limakhala lomweli, ndipange bwanji kuti masiku aja ayambirenso. Ndinene pachiyambi pomwe kuti njira zowonjezera masiku zilipo ndithu ndipo ndizifotokoza, koma zija za trial reset, zopusitsa pulogalamu kuti masiku aulere ayambirenso, ndi crack, pulogalamu yothyoledwa kuti izigwira osalipira, ine ndimazikana kwamtuwagalu, osati chifukwa choikira kumbuyo makampani ayi koma chifukwa pa mapulogalamu onse amene munthu ungaike obedwa, ad blocker, pulogalamu yotchinga ma adi, ndiye woopsa kwambiri, komanso chimene mukufunacho chilipo kale chaulere chosatha masiku.

Tiyambe taona mmene trial imawerengedwera chifukwa anthu ambiri amatha usiku wonse akulimbana ndi zinthu zoti sizingatheke. Kale mapulogalamu ankangolemba tsiku limene mwainstola penapake mu kompyuta momwemo, mu registry ya Windows kapena mu kafayilo kobisika, nde ukafufuta kafayiloko kapena kubweza deti mmbuyo pulogalamu ija inkapusitsika. Pano sizikuyenda choncho. Mukangodina pa Start free trial apuyo imalankhula ndi seva ya kampani, imatumiza nambala yozindikirira chipangizo chanu kapena imelo imene mwalembetsa, wotchi nkuyamba kuwerenga komweko ku seva osati mu foni mwanu. Nchifukwa chake mumachotsa apu nkuikanso koma ikukuuzanibe kuti masiku anu anatha, mupange Clear data ndi chimodzimodzi. Ngati munadzera pa Google Play kapena App Store ndiye basi, trial imamangiriridwa ku akaunti yanu ya Google kapena Apple ID, olo mugule foni ina mukangolowa ndi akaunti yomweyo akudziwani kale.

Zobweza deti zija musayese nkomwe. Masamba pafupifupi onse masiku ano amayenda pa HTTPS ndipo satifiketi ya tsamba lililonse ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, bulawuza ikaona kuti wotchi yanu ikunena za mwezi wina kapena chaka china imakana kutsegula, mumangoona uthenga uja woti Your clock is behind. WhatsApp nayo imakana kutseguka deti ya foni ikalakwika, ndipo ma code a mu authenticator amene amasintha pa masekondi 30 aliwonse amatengera wotchi yomweyo, nde nawo amasiya kulowa. Mwasokoneza foni yonse koma trial ija ili chithere. Ena amati ingotsegulani imelo yatsopano sabata iliyonse, eya mwina zitheka kangapo koma nzophwanya mgwirizano umene munavomera poinstola, ma imelo ongotaya aja makampani ambiri amawakana, ndipo nthawi iliyonse mukuyambiranso kukonza ma setting anu onse, zotopetsa zedi.

Tsono nkhani yaikulu ili apa, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Ad blocker ya pa kompyuta kapena pa foni, ija yoti imatchinga ma adi mu ma apu onse osati mu bulawuza mokha, imagwira ntchito poima pakati pa inu ndi intaneti. Chilichonse chotuluka ndi cholowa chimadutsa mmanja mwake. Kuti ithe kuona mkati mwa masamba a HTTPS nkuchotsamo ma adi imakupemphani kuti muike root certificate yake mu chipangizo chanu, kutanthauza kuti mwailola kutsegula zimene zinali zotsekedwa pakati pa inu ndi tsamba limene mukupitako, iwerenge, ichotse zosafunika, itsekenso. Pa Android imatsegulanso VPN ya mkati mwa foni momwemo kuti data yonse izidutsira pamenepo. Kampani yeniyeni imene ili ndi dzina loti iteteze imasamala nazo mphamvu zimenezi, mwachitsanzo masamba a mabanki imawasiya osawatsegula. Nanga mukatenga mod APK, apu ya Android imene munthu wosadziwika anaitsegula nkusinthamo zinthu nkuiika pa tsamba lina lake? Zili ngati kulemba ntchito mlonda woti mwangokumana naye panjira usiku nkumupatsa makiyi a zipinda zonse ndi chilolezo chotsegula makalata anu. Pasiwedi ya imelo, ya Facebook, nambala ya khadi la ku banki, zonse zikudutsa pamaso pake ndipo inu munavomera nokha podina Allow.

Ma trial resetter a pa Windows nawo njira yake imakhala yofanana nthawi zonse, vidiyo ya pa YouTube kapena tsamba lodzaza mabatani a Download, fayilo ya zip yokhala ndi pasiwedi, ndi malangizo oti muyambe mwazimitsa antivirus kenako mutsegule ndi Run as administrator. Pasiwedi ya pa zip ija cholinga chake nchoti antivirus isathe kusuzumira mkati, ndipo kukuuzani kuti muzimitse Defender, antivirus ya Windows, ndi chifukwa choti ikanaigwira. Umu ndi mmene mavairasi oba mapasiwedi ngati RedLine ndi Lumma akhala akufalikira, kudzera mu ma crack. RedLine apolisi a mayiko angapo anaigwetsera ma seva mu October 2024, Lumma nayo Microsoft ndi anzake anaisokoneza mu May 2025, koma ena amtundu womwewo akadalipo ambirimbiri. Ntchito yake imatha pa kanthawi kochepa chabe, imakokolola mapasiwedi onse osungidwa mu bulawuza ndi ma cookie olowera mu akaunti zanu nkutumiza kwa eni ake, inu mukusangalala kuti trial yayambiranso.

Ndipo musaganize kuti zabodza zimapezeka kumasamba obisika kokha. Mu 2017 Adblock Plus yabodza inalowa mu Chrome Web Store momwemo anthu pafupifupi 37,000 nkuitenga asanaichotse. Mu April 2018 a AdGuard, kampani yopanga ma ad blocker, anatulukira ma ad blocker abodza angapo mu sitolo yomweyo amene onse pamodzi anali ndi anthu oposa 20 miliyoni. Mu October 2020 Nano Adblocker ndi Nano Defender, zimene poyamba zinali zabwinobwino, mwini wake atazigulitsa kwa anthu ena zinasanduka zoba zinthu za anthu kudzera mu update wamba. Nde dzina lokha loti adblock lisakukopeni, onani amene anapanga.

Chabwino, tibwere ku zowonjezera masiku mwachilungamo. Choyamba chimene anthu sachiganizira ndi kungopempha. Lembani ku support ya kampaniyo, makamaka ngati pali chifukwa chenicheni, monga munayambitsa trial kenako foni inawonongeka, kapena netiweki inavuta masiku onsewo, kapena apuyo imakangana ndi apu ina ndipo mumadikira kuti akuthandizeni. Uthenga ukhale waufupi, nenani imelo imene munalembetsera, mtundu wa foni kapena Windows imene muli nayo, version ya apu, chimene simunathe kuyesa, ndi masiku amene mukupempha. Osalemba nkhani yaitali yodandaula komanso osanama. Sikuti nthawi zonse amavomera koma kwa iwo kukupatsani sabata ina sikuwawonongera kanthu, pamene munthu amene wafotokoza bwino vuto lake amaoneka kuti akhoza kudzagula. Chachiwiri, trial ya pa kompyuta ndi ya pa foni kawirikawiri zimakhala zosiyana chifukwa ndi mapulogalamu awiri, nde musaziyambitse tsiku limodzi, yesani ina ikatha muyambe inayo. Ndipo osayambitsa trial tsiku lomwe mwainstola ngati mukudziwa kuti sabata imeneyo mukhala otanganidwa, ma apu ambiri amakulolani kudumpha poyamba nkudzayambitsa nthawi ina mu ma setting.

Palinso njira yogwirira ntchito layisensi. AdGuard mwachitsanzo ili ndi pulogalamu ya ma beta tester, mumagwiritsa ntchito version imene sinatuluke kwa aliyense, mukapeza vuto mumawauza, iwo amakupatsani layisensi ya beta. Amathokozanso anthu amene amawathandiza kumasulira mapulogalamu awo mu zilankhulo zina. Koma dziwani kuti beta ndi beta, tsiku lina idzakukhumudwitsani, ndipo amayembekezera kuti muzinenadi mavuto osati kungokhala phee. Ngati mwaganiza zogula, werengani kaye lamulo lawo lobweza ndalama chifukwa masiku amenewo ali ngati trial yachiwiri, mukapanda kukhutira mumapempha ndalama zanu. Dikirani nthawi yotsitsa mitengo ngati Black Friday kumapeto kwa November, ndipo onani ngati ali ndi layisensi ya lifetime yolipira kamodzi basi mmalo molipira chaka ndi chaka. Ya AdGuard ya Personal imakwana zipangizo 3, ya Family zipangizo 9, nde pakhomo anthu angapo atha kusonkherana osaboola mthumba mwa munthu mmodzi. Ma key otchipa modabwitsa ogulitsidwa ndi anthu pa Telegram asiyeni, ambiri amakhala obedwa kapena ogulitsidwa kwa anthu khumikhumi ndipo amadzatsekedwa.

Chinthu china chimene chimaliza anthu ndi trial yofuna khadi. Ikatha simangoima ayi, imasanduka subscription nkudula ndalama yokha. Kuchotsa apu mu foni sikuletsa subscription, izi ndibwerezenso, kuchotsa apu sikuletsa subscription. Pa Android tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pamwamba kumanja, pitani pa Payments & subscriptions kenako Subscriptions, sankhani apuyo nkudina Cancel subscription, ndipo mutha kuchita zimenezi tsiku lomwe mwayamba trial chifukwa pa Google Play masiku otsala aja mumawagwiritsabe ntchito mpaka atathe. Pa iPhone ndi Settings, dzina lanu pamwamba, Subscriptions, ndipo Apple imanena kuti muletse kukadali maola 24 trial isanathe, apo ayi akudulani. Ngati akudulani kale, pa Google Play pemphani refund msanga mkati mwa maola 48, ku Apple pitani pa reportaproblem.apple.com. Ngati munalipira pa webusaiti ya kampaniyo ndiye koletsera kuli mu akaunti yanu komweko, fufuzani poti auto-renewal, ndipo sungani imelo yotsimikiza kuti mwaletsa.

Pano tifike pa zimene ine ndimalimbikitsa aliyense, kungochoka mu mpikisano wa ma trial wonsewu. Pa kompyuta ikani bulawuza ya Firefox ndi uBlock Origin, extension yotchinga ma adi yoika mu bulawuzamo, basi. uBlock Origin anaiyamba ndi Raymond Hill mu 2014, code yake ili poyera aliyense atha kuiwerenga, ilibe trial, ilibe premium, ndipo mwini wakeyo salandira ngakhale ma donation. Itengeni pa addons.mozilla.org ndipo onetsetsani kuti palembedwa dzina la Raymond Hill. Samalani, pali ina yongotchedwa uBlock popanda Origin komanso tsamba la ublock.org, zimenezo si zake ayi. Mukaiika imayamba kugwira ntchito pompo ndi mindandanda imene imabwera nayo, EasyList, EasyPrivacy ndi ma filter ake omwe, ndipo EasyList yomweyi ndi imene ma ad blocker ambiri olipiritsa amadalira, anthu ongodzipereka akhala akuisamala kuyambira 2005. Kutanthauza kuti nthawi zambiri chimene mumafuna kubera chija pansi pake pali mndandanda waulere womwewu.

Zoti musinthe mkatimo ndi zochepa. Dinani kachishango kofiira pamwamba pa bulawuza, dinani timagiya kuti mulowe mu dashboard, pitani pa Filter lists, kumunsi mupeza za Cookie notices ndi Annoyances, chongani ngati mukufuna kuti mauthenga aja ofunsa za ma cookie ndi zokukakamizani kulembetsa newsletter zisiye kukuvutitsani, kenako Apply changes. Osachonga mindandanda yonse poganiza kuti kuchuluka ndiye mphamvu, mungoyamba kuona masamba akusweka osadziwa kuti wolakwa ndi uti. Kanthu kena kakatsalira pa peji, dinani kumanja pa mbewa pamwamba pake, sankhani Block element, kadzaoneka kofiirira, mukaona kuti kasankhidwa ndi komweko dinani Create, simudzakaonanso pa tsamba limenelo, ndipo mukalakwitsa lamulolo lili mu My filters mutha kulifufuta. Tsamba likakana kugwira ntchito, monga fomu yolipirira kapena vidiyo yosatseguka, dinani kachishango kenako batani lalikulu labuluu lija, uBlock izima pa tsamba limenelo lokha. Batani lomweli ndi limene ndimapempha kuti muzigwiritsa ntchito pa masamba amene mumawakonda ndipo ma adi awo ndi aulemu, olemba aja amadyera momwemo.

Bwanji Firefox osati Chrome? Google inasintha malamulo a ma extension kupita ku chimene amati Manifest V3 ndipo kuyambira 2024 inayamba kuzimitsa ma extension akale, uBlock Origin yathunthu inathera pomwepo pa Chrome. Imene ilipo ndi uBlock Origin Lite ya Raymond Hill yemweyo, yaulerenso, kwa anthu ambiri ndiyokwanira ndithu makamaka mukaikweza kuchoka pa Basic kufika pa Optimal kapena Complete, kungoti mindandanda yake imasinthidwa pokhapokha extension yonse ikalandira update nde imachedwerako masamba akasintha machenjera awo. Extension ya AdGuard ya mu bulawuza nayo ndi yaulere, yolipira ndi pulogalamu ija yoinstola mu Windows kapena Mac. Adblock Plus ya kampani ya eyeo ya ku Cologne ndi yaulere koma kuyambira 2011 imalola ma adi ena kudutsa pansi pa Acceptable Ads, ngati simukuwafuna kachotseni chizindikiro mu ma setting. Kapena tengani Brave, bulawuza imene imabwera ndi zotchingira zake mkati zotchedwa Shields, simuikanso kanthu. Chimene musachite ndi kuika ma ad blocker awiri kapena atatu mu bulawuza imodzi, amasokonezana, ndipo masamba ngati YouTube amakuzindikirani msanga.

Za YouTube ndinenepo pang'ono poti kuyambira 2023 yakhala ikulimbana ndi ma ad blocker moonekeratu. Tsiku lina mudzaona uthenga woti zimitsani ad blocker kapena vidiyo ikuchedwa kuyamba, si kuti mufunika premium ya wina ayi. Lowani mu Filter lists, pangani update mindandanda ya uBlock filters, zimitsani ma extension ena otchinga, tsekani bulawuza nkutsegulanso. Zikakanika dikirani pang'ono, osamalira ma filter amakonza msanga.

Pa foni ya Android pali kanjira kena kamene anthu ambiri sakadziwa pamene kali mu foni mwawo kale kuyambira Android 9 ya mu 2018, dzina lake Private DNS. Foni ikafuna kutenga adi imayamba yafunsa DNS kuti seva ya ma adi ija ili pati, nde mukaika DNS imene imakana kuyankha mafunso oterowo adiyo siifika nkomwe, bandulo yanu siikhudzidwa. Pitani ku Settings, Network & internet, Private DNS, pa Samsung ndi Connections kenako More connection settings, mukasowa ingolembani Private DNS pofufuzira mu Settings. Sankhani Private DNS provider hostname nkulemba dns.adguard-dns.com ndendende popanda mpata, kenako Save. Palibe apu, palibe akaunti, palibe tsiku lothera, sikudya batire, ndipo imagwira pa data ndi pa WiFi pomwe. Ngati foni ndi ya mwana lembani family.adguard-dns.com imene imatsekanso masamba olaula. Tsegulani gemu ija imene imakuvutitsani ndi ma adi muone kusintha kwake.

Koma ndisakunamizeni, DNS ili ndi malire ake. Ma adi a mu apu ya YouTube, Facebook kapena Instagram siingawachotse chifukwa amachokera ku ma seva omwewo amene kukuchokera vidiyo ndi zithunzi, ukatseka adi watsekanso zonse. Pa masamba ena mutsala malo opanda kanthu pamene panali adi chifukwa DNS siikonza maonekedwe a peji. Ma gemu aja oti onerani adi mulandire moyo wina, batani limenelo lisiya kugwira. Ma link oyambirira a Sponsored pa Google mwina akana kutseguka, zimene mwa ine ndi zabwino poti ngakhale FBI mu December 2022 inachenjeza za ma adi achinyengo a pa ma search engine nkulangiza anthu kugwiritsa ntchito ad blocker. Ndipo pa WiFi ya pagulu yofuna kuti ulowe kaye pa peji yawo nthawi zina foni imanena kuti palibe intaneti, pamenepo bwezerani Private DNS pa Automatic, lowani, nkubwezeretsanso. Kumbukiraninso kuti amene mwamusankha kukhala DNS wanu amaona mayina a masamba amene mukupitako, nde osangolemba hostname iliyonse imene mwaiona mu vidiyo.

Kuti mutseke mipata imeneyi phatikizani ndi Firefox ya pa Android, iyo imalola ma extension, dinani timadontho titatu, Extensions, uBlock Origin ili pompo, ndipo YouTube mukaionera mu Firefox kapena Brave mmalo mwa apu ma adi ambiri satulukira. Amene mukufuna kudzisankhira zotseka ndi zosatseka yesani NextDNS, mumapanga akaunti, mumasankha mindandanda, imakupatsani hostname yanuyanu yoika mu Private DNS momwemo ndipo mumaona mu log chimene chatsekedwa nkuchilola ngati chinali chofunika. Yaulere imafika mafunso 300,000 pa mwezi, mukapyola intaneti siiduka koma kutchinga kumaima mpaka mwezi wina, kwa munthu mmodzi ndi foni imodzi nthawi zambiri imakwana. Palinso AdAway pa F-Droid, sitolo ina ya ma apu a Android, AdAwayyo ndi yaulere ndipo code yake ili poyera, imagwira ngakhale foni yosapanga root podzera pa VPN ya mkati, kungoti Android imalola VPN imodzi pa nthawi imodzi nde ngati muli ndi VPN ina ya kuntchito zilimbana, komanso muichotse pa battery optimisation apo ayi foni izingoizimitsa.

Apu yathunthu ya AdGuard ya Android simuipeza pa Play Store chifukwa malamulo a Google salola apu yotchinga ma adi mkati mwa ma apu ena, muitenge pa adguard.com, ndipo apa mpamene anthu amagwera mmanja mwa ma APK abodza pofufuza pa Google nkudina link yoyamba. Trial yake ikatha siifa yonse, imapitiriza kutchinga mu ma bulawuza kwaulere, chimene chimaima ndi kutchinga mu ma apu ena, ndipo gawo lalikulu la chimenecho Private DNS ija ikuchita kale.

A iPhone zanu nzachidule. Apple inalola ma content blocker mu Safari kuyambira iOS 9 mu 2015, tengani AdGuard yaulere pa App Store, kenako ku Settings pezani Safari, Extensions, yatsani zonse za AdGuard zimene zili pamenepo. Za DNS, pa tsamba la AdGuard DNS pali profile yoti mupange dawunilodi nkuivomereza mu Settings, General, VPN & Device Management. Brave iliponso pa iPhone.

Pakhomo ngati muli ndi rauta yanu mutha kutchingira zipangizo zonse kamodzi, smart TV yomwe imene simungaikemo extension. Lowani mu rauta, adiresi yake kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 ndipo imalembedwa kunsi kwake, pezani pa DNS, lembani 94.140.14.14 ndi 94.140.15.15, koma jambulani kaye manambala amene analipo kuti mudzathe kubwezera. Okonda kuseweretsa zipangizo pali Pi-hole imene Jacob Salmela anaiyamba mu 2014, ndi AdGuard Home, zonse zaulere zotchingira ma adi pakhomo ponse, mumaika pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kapena kompyuta yakale yoti izikhala yoyaka nthawi zonse, bola mudziwe kuti ikazima pakhomo ponse intaneti ioneka ngati yafa mpaka mutaiyatsa.

Amene akufunikadi yolipira ndi ochepa, munthu wofuna kusefa ma apu onse a pa Windows kapena Mac, wofuna malamulo osiyana pa apu iliyonse, kapena kholo lofuna parental control ya mphamvu. Ngati ndinu mmodzi wa iwo ndipo trial yakutsimikizirani kuti mukuifuna tsiku ndi tsiku, lipirani, anthu aja amakhala akuthamangitsana ndi makampani a ma adi chaka chonse.

Nanga amene munaika kale crack kapena resetter? Musadikire kuti muone chizindikiro chifukwa zoba mapasiwedi sizionetsa kanthu. Chotsani chipangizocho pa intaneti kaye. Tengani foni ina kapena kompyuta ina imene mukuikhulupirira musinthirepo mapasiwedi, kuyambira wa imelo poti ndi imene imatsegula akaunti zina zonse, kenako wa ku banki, kenako Facebook ndi zina, ndipo paliponse fufuzani poti Log out of all devices kapena Sign out of all sessions chifukwa wakuba amene ali ndi cookie yanu amatha kukhalabe mkati ngakhale mwasintha pasiwedi. Yatsani two-factor, ija yofunsa code ina kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo mu imelo onani ngati sanaikemo forwarding yotumiza makalata anu kwina. Ngati munasunga khadi mu bulawuza auzeni a banki alitseke. Pa Android chotsani APK ija, pitani ku Settings, Security, Encryption & credentials, Trusted credentials, tabu ya User, chotsani satifiketi iliyonse imene simukuidziwa, onaninso pa Accessibility ndi Device admin apps ngati palibe apu yachilendo imene inadzipatsa mphamvu, zikakukayikitsani pangani factory reset mutasunga zithunzi zanu. Pa Windows yatsaninso Defender, pa Windows Security, Virus & threat protection, Scan options sankhani Microsoft Defender Offline scan imene imazimitsa kompyuta nkusaka Windows isanadzuke. Mu certmgr.msc musamangofufuta masatifiketi mwachisawawa chifukwa ambiri ndi ofunika, ngati fayilo ija munaitsegula ndi Run as administrator antivirus itazimitsidwa njira yodalirika ndi kusunga mafayilo anu a zolemba ndi zithunzi okha, osatengako ma exe, nkuinstolanso Windows yatsopano kuchokera pa flash imene mwaikonzera pa kompyuta ina.